Musanditamande chifukwa choti sindinachoke

Pali mawu amene anthu amandiuza kawirikawiri akandiona ndikukankha njinga ya olumala ya amuna anga, kapena akamva kuti patha zaka 6 chidwalireni iwo koma ine ndidakali m'nyumba momwemo. Amati, "Mayi, inu ndiye mkazi weniweni, ena bwenzi atathawa kalekale." Amanena zimenezi ndi mtima wabwino ndipo ndimawathokoza mwaulemu, koma mawuwa amandilemera kuposa mmene eni ake amaganizira, chifukwa pali chimene ine ndikudziwa chomwe iwo sadziwa. Ndinatsala pang'ono kuchoka, chikwama ndinalongedza ndithu, ndipo chimene chinandibweza sichinali ubwino wa mtima wanga.

Amuna anga anadwala sitiroko ali ndi zaka 47. Chakudza sichiimba ng'oma: anadzuka bwinobwino m'mawa umenewo, ndipo ali mkati momanga zingwe za nsapato dzanja lamanja linangoti lende, mlomo n'kupotokera mbali imodzi. Madokotala anatifotokozera kuti mtsempha wina wa magazi unatsekeka kumanzere kwa ubongo, ndipo popeza mbali imeneyo ndi imene imayendetsa ziwalo zakumanja, komanso mwa anthu ambiri ndi kumene kumachokera luso lolankhula, iwo anataya zinthu ziwiri pa tsiku limodzi, kuyenda ndi mawu. Vuto lotaya mawuli madokotala amalitchula kuti aphasia, ndipo limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene adwala sitiroko. Nzeru za munthuyo zimakhala zilipo, koma njira yotulutsira zimene akuganiza ndi imene imakhala yaduka. Munthu amene ankatha kucheza mpaka alendo kuiwala kutsanzika anatsala ndi liwu limodzi lokha, "ayi", ndipo ankalinena akafuna madzi, akamva ululu, ngakhale pamene akuvomera.

Amene sanadwazikepo matenda otere amaganiza kuti ntchito yaikulu imakhala masana, pamene ntchito yeniyeni ili usiku. Munthu wosatha kudzitembenuza amafunika kumutembenuza pa maola awiri alionse, apo ayi khungu limayamba kufa pamalo pamene fupa lagunda pogona, ndipo pamatuluka zilonda zimene zimatenga miyezi kuti zipole. Ndinaphunzira kupinda bondo lawo, kugwira pamchiuno ndi kumsana kwa phewa, kuwagubuduzira kwa ine pang'onopang'ono, kenako kuika pilo pakati pa mawondo ndi wina pansi pa dzanja lofooka lija. Anamwino anandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kuwakoka ndi dzanja limenelo, chifukwa minofu yogwira phewa ikafooka, fupa limatha kuguluka pamalo pake. Ndikatha kuwatembenuza ndinkawunika ndi tochi ya foni pa zidendene, m'chiuno ndi pansi pa msana, ndipo ndikapeza pamalo pamene khungu lasintha mtundu ndinkadinapo ndi chala kuti ndione ngati libwerera mwakale. Kenako kusintha thewera, kupukuta, kudzoza mafuta, kutchera alamu ya maola awiri ena, n'kugona tulo tokhala ngati ta munthu wodikira basi. M'mawa ndinkawakhazika tsonga kuti adye, supuni imodzi imodzi, ndikuyang'ana pakhosi ngati amezadi, popeza chakudya chikalowera kunjira ya mpweya chimabweretsa chibayo.

Mwezi woyamba m'nyumba munkadzaza anthu. Pofika mwezi wachitatu ambiri anali atasanduka mawu a pafoni, ndipo pofika wachisanu ndi chimodzi mafoniwo anali atachepa. Sindiwaimba mlandu kwambiri, chifukwa anthufe timadziwa chochita pa matenda a masiku ochepa ndiponso pa maliro, koma matenda amene sapha komanso sachira amatisowetsa chonena.

Chimene chinandipweteka kwambiri sichinali kutopa kwa thupi. Kwa zaka 19 za ukwati wathu, chilichonse chondivuta ndinkachitula kwa munthu mmodzi usiku tikazimitsa nyali, ndipo tsopano vuto lalikulu koposa m'moyo wanga linali litagwera munthu yemweyo. Ndinkafuna kuwauza amuna anga kuti amuna anga adwala. Katswiri wina wa za mabanja wa ku America, Pauline Boss, anapatsa dzina chisoni chamtunduwu m'zaka za m'ma 1970, ponena za kutaya munthu mosadziwika bwino, monga pamene thupi lake lili pomwepo koma munthu amene unkamudziwa wapita mbali ina. Chisoni chimenechi chilibe mwambo wake, palibe amene amabwera kudzakupepesa, ndipo ukalira umadziona ngati ukulira munthu wamoyo amene akukumva kuchipinda. Palinso nkhani imene odwazika ambiri amachita nayo manyazi, koma ndiinena chifukwa ndi yoona: manja amene azolowera kusintha thewera savutika kusamala thupi la wodwalayo, koma amavutika kukumbukira kuti thupi lomwelo linali la mwamuna wako. Ndinadzuka tsiku lina n'kuzindikira kuti ndine namwino wodziwa ntchito yake, ndipo sindinkadziwa kuti mkazi wa bambo ujayu anachoka liti m'nyumbamo.

Usiku umene ndinalongedza chikwama unali m'mwezi wa 14. Ndinali nditawatembenuza kawiri, ndipo kachitatu anakana, nkumangoti "ayi, ayi, ayi", kwinaku akukankha kapu ya madzi ndi dzanja lamanzere mpaka inagubudukira pa zofunda zimene ndinali nditangoyala kumene. Ndinakuwa. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti ndife ine kuti mtima wawo ukhale pansi, ndipo ndinanenanso mawu ena amene sindingawalembe. Iwo anangondiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munali moonekeratu kuti amva liwu lililonse. Patapita masiku ndi pamene ndinadziwa kuti ankakana chifukwa phewa linkawapweteka, koma analibe njira yondiuzira. Usikuwo ndinatenga chikwama pamwamba pa kabati, ndinaikamo zovala ndi mapepala anga, n'kukakhala nacho pabalaza mpaka kunja kunayamba kuyera. Sindinkaganiza za mwamuna wina kapena za moyo wina wokoma. Ndinkangofuna kupita kumalo kulikonse kumene kulibe alamu yondidzutsa.

M'mawa umenewo kunabwera alamu anga, mlongo wawo wamng'ono wa amuna angawa, amene ankatiyendera mwa apo ndi apo. Anaona chikwamacho, anandiona ine, ndipo ndinkayembekezera kuti andikumbutsa za malumbiro kapena za zimene anthu adzanene. Sanatero. Anakanyamula chikwamacho n'kukachiika kuchipinda cha ana, kenako anati, "Alamu, pitani mukagone. Kuyambira lero, Lachiwiri ndi Lachisanu usiku ndi wanga." Ndinagona maola 11 osatembenuka. Mayi ameneyu wasunga mawu akewo mpaka lero, ngakhale kuti tsopano amuna anga amadzitembenuza okha ndipo iye amangobwera kuti ine ndipume. Timakonda kunena kuti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, koma pa matenda okhalitsa kapasule amakhala atalowa kale, ndipo ndi matendawo. Banja la anthu awiri okha silingalimbane naye, ndipo lathu linapulumuka chifukwa munalowa munthu wina.

Kutopa kwa wodwazika si ulesi kapena kuchepa kwa chikondi, ndipo kumapha ndithu. Mu 1999, Richard Schulz ndi Scott Beach anafalitsa kafukufuku wa okalamba a ku America amene ankasamalira amuna kapena akazi awo odwala, ndipo anapeza kuti mwa amene ankanena kuti ntchitoyo ikuwapanikiza, chiopsezo choti amwalira pa zaka zinayi zotsatira chinali chokwera ndi 63 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene sankadwazika. Nditawerenga zimenezi ndinasiya kudziona ngati chilombo chifukwa cha usiku uja.

Ndikawerengera moona mtima zimene zinandisunga, ndimapeza kuti zambiri ndinachita kupatsidwa. Ndinapatsidwa alamu amene ndatchulawa. Ana athu anali atakula moti sankafuna kuwanyamula. Kuntchito kwanga anandilola kusintha maola. Chachikulu koposa, sitiroko inawalanda amuna anga mawu ndi mwendo koma inawasiyira kufatsa kwawo, ndipo zaka 19 zija anandisunga bwino, moti pa masiku ouma ndinali ndi pokatapa. Mkazi amene mwamuna wake ankamumenya asanadwale, kapena amene ankasowa pakhomo masabata n'kubwera atatha mphamvu, amafunsidwa kuti apereke chisamaliro chomwecho kuchokera m'nkhokwe imene simunaikidwemo kalikonse. Ife awiri tikaima pamodzi anthu adzatamanda ine n'kunyoza iye, pamene katundu wathu sanali wofanana.

Ndinakumana ndi mayi wina wotere pa benchi yodikirira mafizo, kumene odwazika timadziwana nkhope tisanadziwane mayina. Mwamuna wake anavulala mutu pa ngozi ya galimoto, ndipo mbali ya ubongo yakutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira za zochita zake, inawonongeka. Thupi linachira, mphamvu zonse zinabwerera, koma munthuyo anasanduka wina: wotukwana, wokayikira aliyense, wokwiya popanda chochititsa. Mayiyu anapirira zaka ziwiri akudziuza kuti si iye koma matenda, ndipo zinali zoona, kungoti chibakera cha munthu wodwala chimapweteka chimodzimodzi ndi cha munthu wabwinobwino. Tsiku limene bamboyo anamenyetsa mwana wawo wa zaka 4 kukhoma, mayiyu anatenga ana n'kuchoka. Achibale a mwamunayo anamutchula mayina onse oipa. Koma ine ndinkamuona pa benchi paja mwezi ndi mwezi, atabwera ndi bambo yemweyo, atanyamula buku lake la kuchipatala, akudziwa dzina ndi muyezo wa mankhwala aliwonse, ndipo ndi iye amene ankalipira mnyamata wogona kunyumba kwa wodwalayo. Achibale otukwana aja sindinawaonepo ngakhale tsiku limodzi.

Mayi ameneyu anandiphunzitsa kuti kusiya banja ndi kutaya munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kuti pozinena timazisakaniza. Kutaya munthu ndinakuonanso ndi maso anga. M'chipinda cha amayi, pafupi ndi mmene munagonekedwa amuna anga, munali mayi amene anamudula mwendo chifukwa cha matenda a shuga, ndipo mwamuna wake anati akupita kukatenga zovala, osabweranso, nambala ya foni n'kusintha. Ameneyo sindingamuikire kumbuyo ngakhale pang'ono, chifukwa sanatope, sanayese n'komwe, anangoona kuti chiwiya chasweka n'kupita kukafuna china. Ndipo pali gulu lachitatu limene sitilitchula chifukwa limaoneka laulemu: amene amakhala m'nyumbamo koma anachoka kalekale, wodwala atamutsekera kuchipinda chakumapeto, akumukamba iye ali pomwepo ngati akukamba za mpando, akumupatsa chakudya mochita kuponya. Oterewa amalandira matamando omwe ndimalandira ine, chifukwa anthu akunja amangowerenga amene wagona m'nyumba.

Nkhani ya bambo wosintha nambala uja imadzutsa funso limene akazi odwazika timafunsana motsitsa mawu, loti kodi zikanakhala kuti tadwala ndife, amuna athu akanakhala? Mu 2009, Michael Glantz, Marc Chamberlain ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wa odwala 515 a ku America, ena a zotupa za muubongo, ena a khansa zina, ena a matenda owononga mitsempha ya muubongo ndi mumsana otchedwa multiple sclerosis. Anapeza kuti pamene wodwala anali mwamuna, mabanja pafupifupi 3 pa 100 alionse ndi amene anatha, koma pamene wodwala anali mkazi, anatha pafupifupi 21 pa 100. Ziwerengero zimenezi zafalikira kwambiri, koma ndi bwino kuziwerenga pamodzi ndi nkhani ina. Mu 2015, Amelia Karraker ndi Kenzie Latham anafalitsa kafukufuku wa mabanja 2,701 amene ankaonetsanso kuti kudwala kwa mkazi kumathetsa banja, koma anaubweza okha atazindikira kuti anthu amene anangosiya kutenga nawo mbali anawerengedwa molakwika ngati osudzulana. Atakonza, kusiyanako kunatsala makamaka pa matenda a mtima. Ine ndimatengapo zinthu ziwiri. Choyamba, ngakhale mu kafukufuku wa Glantz uja, mabanja oposa 88 pa 100 sanathe, kutanthauza kuti anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakhala. Chachiwiri, pamene amuna achoka mofulumira, sindikhulupirira kuti n'chifukwa anabadwa ouma mtima. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linawerengera mu 2018 kuti pa ntchito yonse yosamalira ena yosalipidwa padziko lapansi, akazi amagwira magawo oposa atatu mwa anayi. Mwamuna amene sanasambitsepo khanda lake amafika pa bedi la mkazi wake wodwala ali mlendo pa ntchito iliyonse, ndipo anthu omuzungulira, m'malo momuphunzitsa, amayamba kumunong'oneza kuti mwamuna sangakhale yekha. Mkazi samunong'oneza zimenezo.

Sindikupeputsa malumbiro. Mawu akuti pa matenda ndi pa moyo wabwino, amene akhala akunenedwa m'matchalitchi ambiri kuchokera pamene analowa m'buku la mapemphero la mpingo wa ku England mu 1549, ndinawanena ndili ndi zaka 24 ndisanaonepo chilonda cha munthu wogonera mbali imodzi, ndipo ndikuganiza kuti ntchito ya lumbiro ndi imeneyo, kutimanga pa zimene sitinazione. Pa mausiku ena, chikondi chitazilala, lumbirolo ndi limene linkandidzutsa alamu ikalira. Chimene ndimakana ndi kuligwiritsa ntchito ngati mkwapulo m'manja mwa anthu amene sanagonepo usiku umodzi pafupi ndi wodwalayo. Amene anaimirira monga mboni pa tsiku la ukwati anamva lumbirolo ndi makutu awo, ndipo ndimaona kuti nawonso lili ndi gawo lawo.

Kukhulupirika nakonso kumasintha maonekedwe matenda akafika patali. Sandra Day O'Connor, mkazi woyamba kukhala woweruza m'khoti lalikulu la ku America, anasiya udindowo mu 2006 kuti asamalire mwamuna wake John, amene ankadwala matenda oiwalitsa a Alzheimer's. Chaka chotsatira zinadziwika kuti bamboyo, atayiwala zambiri za moyo wake, anakondana ndi mayi wina wodwala mnzake kunyumba yosungirako odwala, ndipo mkazi wakeyo ankapitabe kukamuona, wokondwa kuti mwamuna wake wapeza mtendere. Sindikudziwa dzina loyenera kupatsa zimenezo, koma kutaya munthu si kumeneko.

Pali munthu mmodzi amene pa zokambirana zonsezi safunsidwa, ndiye wodwala mwini wake. Timakamba ngati iye ndi katundu woti wina asankhe kunyamula kapena kutula, kuiwala kuti naye ali ndi mtima wake, manyazi ake, ngakhale ufulu wake wochoka. Stephen Hawking, katswiri wa sayansi wa ku England amene ankayenda pa njinga ya olumala, anapezeka ndi matenda ofooketsa minofu mu 1963, anakwatira Jane mu 1965, ndipo mayiyu anamusamalira zaka pafupifupi 25 akulera ana atatu. Pamene banjalo linapatukana mu 1990, amene anatuluka m'nyumba anali wa pa njinga uja, ndipo mu 1995 anakwatira mmodzi mwa anamwino ake.

Kwa ife funsoli linafika m'chaka chachitatu, mawu atayamba kubwerera limodzi limodzi monga madontho a mpopi wotha madzi. Madzulo ena ndikuwadzoza mafuta kumapazi, anandigwira phewa ndi dzanja lamanzere, nkuyamba kulimbana ndi milomo yawo kwa nthawi yaitali. Ndinadikira, chifukwa ndinali nditaphunzira kuti kumalizira munthu wotere mawu n'kumulanda kachiwiri. Potsiriza anati, "Mayi... pitani. Inu... moyo." Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo ndinawafunsa ngati zaka zitatu zonsezi akuziona ngati ndinkadikira chilolezo chawo. Koma nditakhala chete ndinaona zimene ndinali ndisanaganizepo, kuti kwa zaka zitatu munthuyu ankamva alendo akunditamanda pamaso pake chifukwa chomupirira, ndipo matamando alionse ankamuuza kuti iye ndi mtanda. Palibe munthu amene amafuna kusungidwa chifukwa cha chisoni, kapena chifukwa choopa pakamwa pa anthu.

Ndinaganiza zowauza zoona. Ndinati, "Bambo, ndinafuna kupita. Usiku wa kapu uja ndinalongedza chikwama." Anandiyang'ana, mbali yamoyo ya mlomo wawo n'kukwera pang'ono, ndipo anatulutsa mawu pang'onopang'ono, "Ndi... ku... dziwa." Anali atamva chikwama chikutsika pa kabati, anamva zipi ikutsekedwa, ndipo anagona chigonere usiku wonsewo akumvetsera ngati chitseko chakunja chilire, alibe mwendo wonditsatira kapena mawu ondiitanira. Anasunga zimenezo zaka ziwiri. Tinalira tonse, ndipo kanali koyamba chidwalireni kuti tilire chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ine osati monga namwino, iwo osati monga wodwala.

Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana zinthu zingapo zimene ena angazione ngati zazing'ono. Loweruka lililonse masana ndimachoka pakhomo popanda kufotokoza kumene ndikupita, ndipo iwo ndi amene amandikumbutsa ndikachedwa kunyamuka. Mlendo akayamba kunditamanda pamaso pawo ndimasintha nkhani, kapena ndimamuuza kuti afunse eni akewo mmene akupezera, chifukwa amamva ndipo amayankha akapatsidwa nthawi. Ndinasiyanso kuwachitira zimene angathe okha, ngakhale zitenge nthawi yotani, ndipo chimenechi chinandivuta kuposa kuwanyamula. Tinakambirananso, mothandizidwa ndi pepala ndi zala, zimene aliyense wa ife angafune ngati sitiroko ina itabwera n'kuwasiya osadziwa munthu, kapena ngati nditayamba kudwala ndine, ndipo zina mwa zimene anandiuza zili pakati pa iwo ndi ine.

M'mawa uno anavala shati ya mabatani, ngakhale kuti ndinawagulira zambiri zongolowetsa m'mutu. Amayamba ndi kulowetsa dzanja lofooka, kenako amakoka kolala ndi mano, n'kuyamba mabataniwo kuchokera pansi ndi zala za kumanzere. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi manja nditawapanira pakati pa mawondo kuti asapite okha kukathandiza. Zinatenga mphindi 12, ndipo atafika pakhosi tinapeza kuti adumpha bowo limodzi, moti mbali ina ya shati inali yotsika. Ndinafunsa ngati ndikonze. Anati "ayi", ndipo anayambanso kumasula kuchokera pamwamba.